Mafunso ndi mayankho: zida zoyambira nazo ntchito yokongoletsa zipanda

Anthu akaona zipanda zomwe ndimakongoletsa mafunso ake amakhala omwewomwewo, mumagwiritsa makina anji, pentiyo mumaitenga kuti, nanga ine ndingayambe bwanji. Ndiye ndangoti ndiwaike pamodzi apa kuti ndisamangobwereza. Ena afunsa ali kumudzi komwe zipanda zili mbwee koma hadiweya ili kutali, ena ali ku Joni komwe makina ali pakona koma chipanda chenichenicho n'chosowa, ndayesa kuyankha onse.

Chipanda, chikho, mphonda, nsupa, kodi ndi chinthu chimodzi?

Mbewu yake ndi imodzi, a sayansi amaitchula Lagenaria siceraria, ija imayanga ngati dzungu koma maluwa ake ndi oyera ndipo amatseguka madzulo. Chikakhala chanthete cha mtundu wosawawa timaphika n'kudya, ndiye mphonda ija. Chikakhwima n'kuuma dzina limatengera maonekedwe ndi ntchito yake, chachikulu chamimba chosungira thobwa kapena masese ndi chipanda, cha khosi lalitali chotungira ndi kumwera madzi ndi chikho, kakang'ono kaja ndi nsupa. Pa nsupa pokha chenjerani, ineyo ndinakongoletsapo tiwiri ndi mikanda yofiira n'kutiika pa tebulo, alendo ena anakana kukhala pansi. Mukafuna kugulitsa kuno kwathu tating'ono timeneti tisandutseni ndolo kapena tokolowekera makiyi, apo bii anthu akuonani ngati ndinu sing'anga.

Ndalama ndilibe zambiri, ndiyambe ndi kugula chiyani?

Zoonadi zake n'zakuti theka la zida muli nazo kale m'nyumbamo. Mpeni wakuthwa wansonga, supuni yakale yomwe mayi sakuifunanso, pensulo, beseni, nsanza, misomali iwiri itatu, sipoko ya njinga, ndi mbaula. Zogula zenizeni ndi kachitsulo ka sowo yodulira zitsulo ija, sandipepa, sitiliwulu wokwechera mapoto, masiki yotchinga fumbi, guluu wa matabwa woyera uja, ndi kachitini kakang'ono ka vanishi. Basi. Ndi zimenezi mutha kupanga mbale yoikamo zipatso, chosungira zolembera, kapena chipanda chojambulidwa chongoika pabalaza.

Cholakwa chomwe ndimachiona kwambiri ndi chakuti munthu waonera mavidiyo a pa YouTube, azungu ali ndi makina asanu pa tebulo, iyenso akufuna ayambire pomwepo. Agula makina odula, kenako chipanda chomwe ali nacho n'chosakhwima, chopyapyala ngati chigoba cha dzira, angoti gwire chasweka. Ndalama yanu yoyamba ipite pa zipanda zabwino ndi masiki. Makina adikire kaye.

Zipandazo ndizipeza kuti, ndigule kapena ndidzale ndekha?

Poyamba gulani kapena pemphani. M'misika yakumudzi ya tsiku la msika zimapezeka makamaka kuyambira Juni mpaka Okutobala anthu atakolola, muziyang'ana komwe amagulitsa malichero, mithiko ndi zipande. Agogo ambiri amakhala nazo zili pa denga la khitchini kapena m'nkhokwe ndipo mukawafotokozera bwino amakupatsani, ngakhale adzakusekani kuti mwana wa kutauni akufuna chipanda achite nacho chiyani.

Koma mukaona kuti ntchitoyi mwaikonda dzalani zanu, chifukwa ndi pomwe mumasankha maonekedwe. Njere mudzale ndi mvula yoyamba, Novembala kapena Disembala, pamalo a manyowa ambiri ngati pa dzala lakale kapena pafupi ndi khola. Zimafuna miyezi inayi mpaka isanu kuti zikhwime bwino. Zikayanga pa mpanda kapena pa thandala n'kumalendewera, makosi ake amaongoka, zikagona pansi khosi limapindika ndipo mbali yogonerayo imaphwatalala n'kuthimbirira. Zonse zili ndi ntchito yake, khosi lopindika limatulutsa mbalame yokongola mukalijambula. Chinanso, musadzale zowawa pafupi ndi mphonda zodya ngati mukufuna kusunga njere, zimasakanikirana ndipo chaka chamawa mudzakolola zosadziwika bwino.

Ndidziwa bwanji kuti chakhwima ndipo chauma?

Kumunda musathyole tsinde lake likadali lobiriwira, dikirani liume lichite bulauni, mudule ndi mpeni n'kusiyako kamchira kotalika ngati chala. Chosakhwima sichiuma, chimafota n'kuwola, palibe mankhwala ake. Chokhwima chiikeni pamthunzi podutsa mphepo, chisagundane ndi chinzake, muzichitembenuza kamodzi pa sabata. Tating'ono timauma pa mwezi umodzi kapena iwiri, zazikulu zimatha kutenga miyezi itatu mpaka isanu ndi umodzi, ndiye zokolola za mu Meyi mumayamba kuzigwira bwino cha mu Seputembala.

Chouma chimapepuka modabwitsa, mukachigogoda ndi chala chimalira ngati thabwa, ndipo nthawi zambiri mukachigwedeza njere zimamveka sekeseke. Nthawi zina njere zimamatirira m'kati osamveka, ndiye osadalira zimenezo zokha. Pamsika chidindeni ndi chala chachikulu mbali zonse, pakalobeka penapake chisiyeni. Cha chigoba chokhuthala mamilimita 5 kapena kuposa ndiye chabwino kusema ndi kuboola.

Changa chachita chuku, chada bii, nditaye?

Ayi musataye, ndi mmene zimaumira. Kunja kwa chipanda kuli kakhungu kopyapyala ndipo madzi akamatuluka kakhunguko kamachita chuku, chigoba chenicheni chili bwinobwino pansi pake bola chikhale cholimba. Chivikeni m'beseni la madzi ofunda kwa mphindi 20 kapena 30, chimayandama ndiye chifunditseni nsanza yonyowa kapena muzichitembenuza, kenako kwechani ndi sitiliwulu, malo ovuta palani ndi msana wa mpeni. Mukafuna kupha chukucho tsukuluzani ndi Jik, kapu imodzi pa makapu 9 a madzi, osasakaniza ndi mankhwala ena otsukira, ndipo muvale magolovesi. Chiume tsiku lonse musanachite china.

Mudzaona kuti chuku chasiya mawanga ngati mapu pa chigobapo. Ena amadandaula nawo, ineyo ndimawakonda, mukangopaka mafuta pang'ono amaoneka ngati mwachita kujambula dala, ndipo palibe zipanda ziwiri zofanana mawanga.

Kudula ndidula ndi chiyani kuti chisang'ambike?

Yambani ndi mzere. Njira yosavuta ndi kuika chipanda pa tebulo, pensulo muigoneke pa mabuku kapena pa njerwa pa msinkhu womwe mukufuna, ndiye muzizungulitsa chipandacho pensulo ili phee, mzere umatuluka wowongoka. Ena amakulunga mphira wa chubu cha njinga n'kutsata m'mphepete mwake, zimathekanso. Mukatero boolani kabowo pa mzerewo ndi msomali wamoto kapena nsonga ya mpeni, lowetsani kachitsulo ka sowo kaja, mbali yogwira muikulunge nsanza, n'kumacheka pang'onopang'ono. Mano ang'onoang'ono ndi amene amafunika, sowo ya matabwa ya mano akuluakulu imakoka chigoba n'kuching'amba. Kuti kachitsuloko kazikhota bwino pa mizere yopindika, kathyoleni pakati n'kukanola nsonga pa mwala.

Chipandacho chisagwedere, chikhazikeni pa nkhata ya nsanza kapena muchipane ndi mawondo mutayala chiguduli. Ndipo mpeni uzipita kutali ndi dzanja lomwe lagwira, chigoba chouma chimaterera, chipsera chomwe ndili nacho pa chala cha kumanzere chinabwera choncho.

Nanga zam'katimo, komanso kuwawa kuja kumachoka bwanji?

Apa zimatengera ntchito yake. Ngati ndi chokongoletsera basi, khuthulani njere, palani ndi supuni, ndipo supuniyo mukainola mbali imodzi pa simenti imapala bwino kwambiri. Cha kukamwa kochepa komwe dzanja silingalowe, pindani waya wokhuthala akhale ngati mbedza, kenako thiranimo timiyala ndi mchenga wouma n'kukhutchumula mpaka mikono itope.

Ngati ndi chomwera, tsatirani njira ya makolo. Thiranimo madzi, asiyeni masiku angapo zotsalira zija zifewe, tayani, thirani timiyala, khutchumulani, thirani madzi ena, mpaka tsiku lomwe mudzalawe kadontho osamva kuwawa. Zitha kutenga sabata imodzi kapena ziwiri ndipo fungo lake masiku oyambawo si la masewera, chitirani kuseri kwa nyumba. Kuwawako si kongonyansa m'kamwa ayi, ndi poizoni wotchedwa cucurbitacin yemwe amatsegula m'mimba ndi kusanzitsa kwambiri, ndiye madzi otsukirawo musathire pomwe nkhuku kapena ana angamwe.

Masiki ndi yofunikadi kapena ndi zachizungu chabe?

Funso limeneli amandifunsa kwambiri ndi achimwene omwe amati agogo awo ankapala zipanda opanda masiki ndipo anafika zaka zambiri. Zoona, koma agogowo ankapala chimodzi kapena ziwiri pa chaka, zonyowa, panja. Inuyo mukufuna kupala khumi pa sabata, zouma, ndi sandipepa, mwinanso m'chipinda chotseka. Fumbi la chipanda ndi losalala ngati ufa woyera, lili ndi chuku, ndipo mukangotsegula chouma mumalimva kuwawa kukhosi nthawi yomweyo. Ineyo tsiku loyamba ndinachita matama, usiku wake ndinakhosomola mpaka kutacha, maso ali psuu. Pezani masiki yolembedwa N95 kapena FFP2, m'mahadiweya ndi m'mafamase imapezeka. Yansalu ija ya nthawi ya Covid imathandiza pang'ono koma fumbi losalala limadutsa. Gwirirani ntchito panja mphepo ikuchokera kumsana kwanu, ana akhale patali, ndipo amene ali ndi mphumu asamale kwambiri kapena apemphe wina awapalire. Magalasi otchinga maso nawonso muwapeze mukadzayamba kuboola ndi makina.

Sandipepa ndigule nambala yanji?

Nambala ikachepa ndiye kuti ndi yokhakhala. 80 ndi ya m'kati ndi kusalaza pomwe mwacheka, 120 yotsatira, 220 yomalizira. Kunja kwa chipanda musakhudze ndi 80, imasiya mikwingwirima yomwe imaonekera kwambiri mukapaka utoto. Kunjako 220 yokha, mopepuka, kapena osakwecha n'komwe ngati sitiliwulu wagwira bwino ntchito.

Zojambula zakuda zija mumawotcha ndi chiyani?

Apa ndiye pamene pali ntchito yeniyeni ndipo ndi pomwe ndimakonda. Chida changa choyamba chinali masipoko atatu a njinga, ndinawadula, mbali imodzi ndinaikhomera m'chitsononkho kuti ndisapse, mbali inayo ndinaisula mosiyanasiyana, imodzi yosongoka ya mizere, ina ndinaiphwatalitsa ndi hamala ya kudetsa malo aakulu, yachitatu ndinaipinda kukhala kabwalo ka madontho. Onse atatu amakhala pa mbaula, wina akazizira mutenga wina, choncho ntchito siima. Msomali wa mainchesi 4 kapena 6 umasunga moto nthawi yaitali kuposa sipoko, ndi wabwino pa mizere yokhuthala. Jambulani kaye ndi pensulo, mukalakwitsa mufufuta ndi nsanza yonyowa, moto ukadutsa ndiye palibenso kubweza. Yeserani pa zibenthu, zidutswa zomwe mwacheka musamataye pa chifukwa chimenechi.

Musaone ngati njira ya makalayi ndi yaumphawi. Ku Peru, m'midzi ya Cochas pafupi ndi mzinda wa Huancayo, amisiri amajambula nkhani yathunthu ya ukwati kapena zokolola pa chipanda chimodzi ndi kachitsulo kosongoka, n'kudetsa ndi chikuni chamoto akuuzira ndi pakamwa, ndipo ntchito zawo zimagulidwa dziko lonse. Ku Peru komweko pamalo otchedwa Huaca Prieta anafukula zipanda zosemedwa za zaka zoposa 4,000. Ku Oyo m'dziko la Nigeria nakonso amasema zipanda ndi timipeni basi.

Mukafuna cha magetsi, kachitsulo kowotcherera mawailesi ka mawati 30 kapena 40 kamagwira, kungoti kamachedwa ndipo nsonga yake ndi yonenepa, muinole pang'ono. Cholembera chenicheni chowotchera matabwa, chokhala ndi kotembenuzira moto, chimatulutsa mithunzi yofewa yomwe sipoko singathe, koma magetsi akathima mudzabwerera ku mbaula komweko, ndiye mbaulayo musaitaye. Utsi wake musaupume, ndipo musawotche pomwe mwapaka kale penti kapena vanishi, kuwotcha kumayamba, utoto umabwera pambuyo.

Utoto wabwino ndi uti?

Wotchipa komanso wokongola ndi polishi wa nsapato, Kiwi wabulauni kapena wopanda mtundu uja, mupake ndi nsanza, mudikire pang'ono, mupukute mpaka chiwale. Chipanda chimaoneka ngati chikopa chakale ndipo zowotcha zija zimaonekera bwino. Utoto wa zikopa womwe amagwiritsa okonza nsapato umalowa m'chigoba osaphimba mawanga, koma umayenderera, ndiye mizere yowotcha ija imathandiza ngati mpanda, komanso umafwifwa ukakhalitsa padzuwa. Penti ya akiliriki ndi ya mitundu yowala, imasungunuka ndi madzi, imauma msanga, mabulashi atatu akukwanani, yaikulu yophwatalala, yapakati, ndi kakang'ono kansonga. Pakani mopyapyala kawiri, osati kamodzi mokhuthala. Penti ya mafuta yopaka zitseko ineyo sindiikonda, imachedwa kuuma ndipo chipanda chimangooneka ngati pulasitiki, munthu mpaka kufunsa ngati n'chenicheni.

Ena amakoleka chipanda kukhitchini pamwamba pa moto kwa milungu ingapo, utsi umachipatsa mtundu wofiirira womwe palibe sitolo imagulitsa.

Vanishi ndipake paliponse?

Kunja kokha, ndiponso pa zokongoletsera zokha. Kawiri mopyapyala, woyamba aume kaye tsiku lathunthu. Dziwani kuti vanishi sagwira pa polishi wa nsapato, amachita mabalamabala, ndiye sankhani chimodzi. Chikho kapena mbale yoti muzidyeramo musapake vanishi, penti kapena polishi m'kati ngakhale pamlomo pake. Ngati mukufuna kuti chisamamwe madzi sungunulani phula la njuchi, thirani, zungulitsani, khuthulani lotsala, alimi a njuchi amagulitsa phula motchipa. Koma chikatero ndi cha zozizira zokha, phala lamoto limasungunula phulalo.

Chang'ambika ndili pakati pa ntchito, chatha basi?

Mng'alu waung'ono thiranimo supagulu n'kupana ndi zala. Waukulu kapena bowo la tizilombo, sakanizani fumbi lomwe latuluka popala ndi guluu wa matabwa likhale ngati phala lolimba, matani, liume, kwechani ndi 220. Pamalopo utoto sulowa mofanana ndiye pabiseni ndi chojambula chakuda. Njira ina ndi ya agogo, kuboola timabowo mbali zonse za mng'alu n'kusoka. Iwo ankasoka kuti chipanda chipitirize ntchito, inu mukasoka ndi waya wa kopa kapena ulusi wofiira msokowo umasanduka chokongoletsa, ndipo kangapo zosokedwazo ndi zomwe zayamba kugulidwa.

Ndikufuna kupanga nyali zamabowo zija, pamafunika chiyani?

Chipanda chokhuthala chozungulira bwino, chobowolera, ndi kuleza mtima, chifukwa nyali imodzi imadya mabowo mazanamazana. Misomali yamoto ya masaizi osiyana imaboola ndithu ndipo imasiya kamkombero kakuda kokongola, koma drill yaing'ono yokhala ndi mano a mamilimita 2, 3 ndi 5 imafulumira ndipo mabowo amatuluka oyera. Pakati pa bowo ndi bowo siyani mpata wosachepera kukula kwa bowolo, mukathinanitsa chigoba chimabomoka. M'kati mupale kwambiri kuti kuwala kudutse bwino, ena amapakamo penti yoyera. Babu ikhale ya LED ya mawati 3 mpaka 5, mababu akale otentha aja ayi, kandulo ndiye musayerekeze n'komwe, chipanda chouma chimayaka ngati udzu. Zolumikiza mawaya ngati simuzidziwa pitani kwa wamagetsi. Ku Turkey, makamaka cha ku Bodrum, amatseka mabowowo ndi mikanda yagalasi kuti kuwala kutuluke kwa mitundumitundu, nanunso mutha kutero, bowo lichepe pang'ono kuposa mkanda, mukanikize, kadontho ka guluu.

Nanga zoimbira?

Izi ndiye zathu zenizeni. Malipenga a ku Nkhata Bay ndi a mganda ndi zipanda za khosi lalitali, amaboola poimbira n'kumata kachikopa kopyapyala komwe kamanjenjemera munthu akamaimbiramo, kale kanali koyera kaja komwe kangaude amakutira mazira ake, masiku ano ambiri amangoika kapepala ka pulasitiki. Valimba ya ku Nsanje ndi Chikwawa ili ndi zipanda pansi pa matabwa ake, chachikulu ku mawu aakulu chaching'ono ku mawu aang'ono. Ku Zimbabwe mbira amaiika m'chipanda chachikulu chotchedwa deze kuti imveke patali, ndipo kora ya ku Gambia, Senegal ndi Mali, ya zingwe 21, thupi lake ndi theka la chipanda lokutidwa chikopa cha ng'ombe. Woyamba kumene ayambe ndi chogwedeza, kachipanda ka khosi, njere zouma kapena timiyala m'kati, kutseka ndi kamtengo ndi guluu. Mukazolowera yesani shekere ya Ayoruba, ukonde wa mikanda woluka kunja kwa chipanda. Pamafunika ulusi wa nayiloni wolimba ngati wosokera nsapato ndi mikanda ya mabowo aakulu, ukondewo usathine, ukathina sulira.

M'bale wanga ali kunja akufuna anditumizire makina, ndimuuze agule ati?

Muuzeni Dremel kapena ena ofanana nawo, kamakina kogwira m'manja kozungulira mothamanga, kamaboola, kusema ndi kukwecha mukangosintha mano. Koma aonetsetse mphamvu ya magetsi. Kuno timagwiritsa mavoti 230, ndiye a ku UK amalowa m'soketi mwathu bwinobwino, a ku Joni mphamvu ndi yomweyo koma pulagi yake ndi ya mano ozungulira mufunika adaputa, a ku America ndi a mavoti 120 ndipo mukangowalumikiza opanda chotsitsira mphamvu apsa tsiku lomwelo. Awonjezere mano ambiri osinthira chifukwa kuno amavuta kupeza. Ndipo makinawa amatulutsa fumbi kuposa chilichonse, ndiye mu katundu yemweyo aikemo mamasiki.

Zomwe sindinazigwiritse ntchito ndizisunga bwanji?

Pouma, pamwamba, osati pa dothi chifukwa chiswe sichichedwa. Makoswe amaboola zosatsegula kufuna njere, ndiye zikolekeni ndi chingwe kapena muziike m'thumba la ukonde ngati la anyezi lija n'kulipachika. Mukaona timabowo tating'ono ndi ufa pansi pake ndiye kuti mwalowa tizilombo tofumbwa, chipatuleni msanga, chitseguleni, palani, muchiyanike padzuwa lamphamvu tsiku limodzi kapena awiri. M'pulasitiki wotseka musasunge, chinyezi chimabweretsanso chuku. Njere za chipanda chomwe chakusangalatsani maonekedwe ziikeni m'botolo louma ndi phulusa pang'ono, mulembepo kuti zachokera ku chiti, pofika Novembala zonse zimaoneka zofanana.